Nkhunda Yotsala ya Wilf Tweddle

Pa phwando lokumbukira kubadwa kwa bungwe lathu, mnyamata wina wa tayi wonyezimira anaimirira n'kuuza anthu kuti Thumba la Glenys linayambitsidwa ndi madokotala ndi anthu achifundo a mumzinda. Ndinangotsala pang'ono kutsamwa ndi mbatatesi. Madokotala ake ati? Bungwe limeneli, limene lero likulipira akatswiri ofufuza khansa ya m'magazi m'dziko lonse lino, linayambira m'dengu, mu lole yanga, ndipo pachiwongolero panali ine, Lance Errington.

Ine sindidikira kuti anthu andiyamikire, chifukwa amachedwa. Ndinayamba ndi hatchi ya diso limodzi ndi ngolo yobwereka, kugulitsa malasha khomo ndi khomo mu Dalsby. Lero dzina langa lili pa malole oyenda kuchokera ku Aberdeen mpaka ku Marseille. Ndadya nkhono ndi Afalansa, ndavina pa maukwati a ku Belgium, ndagonapo m'chitokosi cha ku Spain pa mlandu wa munthu wina. Choncho ndikanena kuti nkhani iyi ndikuidziwa, mundimvere.

Ku Dalsby mwamuna aliyense ankalowa mumgodi wa malasha, ndipo akatulukamo ankafuna chinthu chomuyang'anitsa kumwamba. N'chifukwa chake kuseri kwa njanji kunali makola a nkhunda ndandanda, opakidwa penti kuposa nyumba zimene eni ake ankagonamo. Loweruka lililonse nyengo yotentha nkhundazo zinkatumizidwa kutali, n'kukaulutsidwa zonse pamodzi, ndipo mwini wa imene yayamba kutera pakhola pake ankamwa mowa waulere sabata yonse. Kale zinkapita pa sitima. Ndine ndinayamba kuzinyamula pa lole, ndipo ndinkaziwolotsa nyanja mpaka ku France.

Wilf Tweddle tinakulira mumsewu umodzi. Iye analowa mumgodi atangosiya sukulu ndipo anakhalamo moyo wake wonse. Ine ndinalowamo tsiku limodzi, ndinauona mdimawo, n'kuuza kapitawo kuti nyale yakeyo asunge yekha. Wilf anali munthu wa mawu owerengeka. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankayamba waganiza kaye. Koma nkhunda ankazidziwa, ndipo khola lake linali lopambana onse mu Dalsby.

Iye ndi mkazi wake Mavis anali ndi mwana mmodzi yekha, Glenys, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwanayo akaweruka kusukulu sankapita kunyumba, ankathamangira kukhola. Ankakhala pa ndowa yovundikira, n'kuika nsawawa pamilomo, nkhunda n'kumatola pakamwa pake iye akuseka. Inalipo imodzi yaikazi, yotuwa, ya nthenga zoyera mpaka kuzala. Glenys anaitcha Masokosi, ndipo ankati ndi yake.

M'chaka cha 1959 mwanayo anayamba kutopa. Kenako kamfuno wosatha, kenako mikwingwirima m'miyendo ngati wamenyedwa, moti aphunzitsi anaitanitsa Wilf kusukulu kukamufunsa ngati amakwapula mwana. Atapita naye kuchipatala chachikulu cha mumzinda, dokotala anamutengera Wilf pambali n'kumuuza dzina la matendawo. Wilf anabwera nalo kunyumba dzinalo, anauza Mavis yekha, basi. Masiku amenewo mawu oti khansa sankatuluka pakamwa pa munthu. Amayi akafika pamenepo ankangogwedeza milomo popanda mawu. Mumsewu ankangoti mwana wa Tweddle magazi amuchepera.

Apongozi ake a Wilf, Mayi Hindmarsh, ndiwo anali odziwa chifukwa cha imfa iliyonse mu Dalsby dokotala asanafike.

"Mwana wodyera pakamwa pamodzi ndi mbalame, magazi ake angakhale abwino?" ankatero pamzere wogula nyama. "Fumbi loyera lija la m'khola mukuganiza limapita kuti? Amuna akuluakulu oweta nkhunda amatsokomola mpaka kufa, nanji kamwana."

Ndipo sikuti ankangobwebweta. Tonse tinkawadziwa madala amene chifuwa chinawathera m'khola. Mawuwo analowa m'nyumba iliyonse, ndipo analowanso mwa Mavis.

Glenys anamwalira ine ndili ku France ndi nkhunda za tauni yonse. Wilf sanafune kutumiza mbalame ulendo umenewo, koma mwanayo ali chigonere anaumirira kuti Masokosi apite akaone nyanja. Tinaziulutsa kuli kowala bwino, koma pakati pa nyanja zinakumana ndi chimphepo ndi nkhungu, ndipo zambiri sizinafike kwawo. Masokosi anali m'gulu la zosowazo. Nditabwerera ku Dalsby ndinapeza makatani ali otseka mumsewu wonse wa Wilf, ndipo sindinafunsenso munthu.

Bokosi linali loyera, laling'ono moti Wilf analiika pamiyendo pake m'galimoto. Titachoka kumanda tinakadzaza m'nyumba mwawo, kumwa tiyi ndi buledi wa nyama ya nkhumba monga mwa mwambo. Mavis anali chikhalire pafupi ndi moto, kapu ili m'manja, osamwa. Wilf atamudutsa pafupi, anadzutsa mutu.

"Wilf, jekete lakolo likununkha khola."

"Ndi lomweli ndili nalo, Mavis."

"Wapita kukaika mwana wako ukununkha chimene chamupha."

M'nyumba monse supuni zinaima m'makapu.

"Palibe wanena zimenezo," anatero Wilf motsitsa.

"Ndanena ine. Ndikupita kwa amayi. Ndidzapondanso muno ukadzapha nkhunda zonse, ndiponso ukadzanena ndi pakamwa pako kuti nkhunda zako ndizo zamupha. Ndikufuna ndidzamve."

Anavala chipewa n'kutuluka, mayi ake pambuyo.

M'mawa mwake ndinamupeza Wilf kukhola ali ndi saka. Ankatenga imodzi imodzi, kuisisita pamsana, kuitchula dzina, kenako khosi potokolo, n'kuponya musaka.

"Aise, wapenga? Yaimuna yakudayo munthu wa ku Belgium anandigwadira kuti ndimugulire!"

"Gwira saka."

Ndinagwira. Atamaliza anasesa m'khola, n'kukhomera chitseko ndi misomali. Manja ake anali ndi nthenga zomatirira.

"Chabwino, wapha," ndinatero. "Pita ukamuuze zimene akufuna kumvazo, mkazi abwerere. Mawu ndi mphepo, aise. Ine ndimalumbira zabodza kawiri pa tsiku pamaso pa anthu a kasitomu."

"Kupha ndapha. Koma kunena sindinena, chifukwa sindikudziwa." Anakhala pa ndowa ija ya Glenys. "Ngati ndi ine, ndikufuna ndidziwe kuti ndi ine. Ngati si ine, ndikufuna Mavis adziwe. Sindinganame pa mwana wanga."

Patapita masabata angapo Masokosi anabwera. Anatera pa khola lokhomedwalo ali mafupa okhaokha, nthenga zili ndi mafuta akuda a sitima ina imene anapumirapo panyanja. Wilf anabwera nayo kugalaja kwanga ataibisa m'jekete.

"Iyi yokha manja akukana. Ipititse kutali, Lance. Kutali kwenikweni."

Kutali ndiye ndimakudziwa. Ndinakaigulitsa kwa mkulu wina wa ku Cornwall, kumene dziko limathera, ndipo ndinamulangiza kuti asadzaitsegulire, ingokhala yoikira mazira. Koma nkhunda yaikulu siigulitsika. Umagulitsa nthenga zokha, mutu umatsala kwawo. Tsiku lina mkazi wa mkuluyo anaiwala kutseka chitseko, ndipo Masokosi anapezeka ali pa denga la Wilf. Woyamba kuiona anali Mayi Hindmarsh. Mavis anakamudikirira mwamuna wake pageti la mgodi, ndipo pamaso pa anthu onse otuluka ntchito anamuuza mawu awiri okha.

"Wabodza iwe."

Nditamva zimenezo ndinamukweza Wilf mu lole n'kupita naye kuchipatala. Mlonda wa pakhomo anati popanda kalata sitilowa. Ine ndalowapo m'nyumba ya bwanamkubwa ku Marseille popanda kalata, ndiye mlonda ameneyo sanandichedwetse. Dokotala amene ankaona Glenys anali mayi wamfupi, dzina lake Raine. Tinamupeza m'kachipinda kopanda zenera, pafupi ndi kochapira zofunda.

Wilf anavula kapusi. "Adokotala, ndi nkhunda?"

"Sindikudziwa, a Tweddle."

"Mayi," ndinalowererapo, "ine ndayenda. Ku Belgium ana amachita kubadwira m'makola a nkhunda, ndipo ndi onenepa ngati tiana ta nkhumba. Ingomuuzani kuti ayi, munthuyu akagone."

"Inu ndinu ndani?"

"Errington. Malole aja mumawaona."

"A Errington, anzanuwa abwera kudzafunsa zoona. Akanafuna mankhwala ogonetsa ndikanawalembera." Anatembenukira kwa Wilf. "Ana amabwera kuno, timawapatsa magazi, amapita kwawo masabata angapo, kenako amabweranso kudzafa. Sindinachizepo ndi mmodzi yemwe. Ndipo palibe munthu amene amalipidwa kuti afunse chifukwa chake."

"Munthu wofunsa chifukwayo amafuna chiyani?" anatero Wilf.

Dokotalayo anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Malipiro. Chipinda cha zenera. Makina abwino oonera magazi. Ndiponso makolo ambirimbiri ovomera kukhala pansi n'kufotokoza zonse za mwana wawo, zimene ankadya, kumene ankasewera. Amenewo ndiwo ovuta kupeza, chifukwa aliyense amabisa."

Pobwerera, titayamba kuona utsi wa Dalsby, Wilf anatembenukira kwa ine.

"Ndili ndi chinthu chimodzi chogulitsa," anatero.

Lamlungu masana amuna onse a mumgodi ankakhala ku kalabu kumwa mowa podikira kuti nyama ipse kunyumba, ndipo nthawi imeneyo ndiyo tinkagulitsirana nkhunda pa okushoni. Wapampando wa kalabu anatilola kugulitsa Masokosi, koma anati tinene kuti ndalamazo n'zothandiza ana odwala, basi.

"Utchule dzina lake," anandiuza Wilf kuseri. "Dzina la matendawo. Ukapanda kutchula, ndinyamula dengu."

Ndinakwera pa kileti ya mowa. Pakamwa ndiye Mulungu anandipatsa, ndinagulitsapo matayala akutha kwa munthu wopanga matayala.

"Abale anga okanda malasha, tayang'anani kuno! Mbalame iyi yawoloka nyanja pa chimphepo chimene chinapha nkhunda zanu zonse zaulesi zija. Yachokera ku Cornwall popanda tikiti. Iwe Pattinson, nkhunda zako zimabwerera pa basi, bwera udzaone mbalame yeniyeni!"

Anaseka, ena kumenya matebulo.

"Iyi ndi nkhunda ya Glenys Tweddle. Glenys anamwalira ndi khansa ya m'magazi. Tikufuna kulipira dokotala afufuze chimene chimayambitsa."

Kuseka kuja kunaduka ngati wina watseka mpopi. Mkulu wina anasiya mowa wake pakati, anavala kapusi n'kutuluka. Kenako mawu anachokera kumbuyo.

"Errington, watibweretsera mbalame yopha ana kuti tikaike m'makola mwathu?"

Wilf anali ataima pafupi ndi khoma. Sanaweramitse mutu. Yankho ndinali nalo lokonzeka, lotukwana bwino, koma ndisanalitulutse anaimirira Jonty Purvis, chimunthu chachikulu chokumba malasha, amene sanawetepo nkhunda chibadwire. Iye zake zinali agalu othamanga. Anabwera kutsogolo, anatulutsa envulopu ya malipiro ake isanatsegulidwe, n'kuiika pa dengu.

"Ndagula."

"Jonty, ulibe khola," wina anakuwa. "Uipatsa agalu?"

"Sindikuifuna." Jonty anatembenukira anthu. "Mumamukumbukira Derek wanga? Tinakuuzani kuti chinali chibayo. Sichinali chibayo. Anali matenda omwewa. Mwana amene uja nkhunda sanaikhudzepo. Mkazi wanga mpaka lero amati ndi madzi a m'thanki, ndipo thankiyo ndinaika ndine." Anapukuta pakamwa ndi dzanja. "Igulitsenso, Errington."

Ndinaigulitsanso. Wogula wachiwiri anaibweza, wachitatu chimodzimodzi. Nyama inapserera m'nyumba zambiri tsiku limenelo. Wogula womaliza anali Pattinson yemwe ndinamunyoza uja. Anatuluka nalo panja dengu, tonse pambuyo pake, anaitulutsa nkhundayo n'kuiponya m'mwamba. Inazungulira chumuni cha mgodi kamodzi n'kulunjika kuseri kwa njanji. Wilf anapempha hamala kwa wapampando, anapita kukazula misomali ija.

"Ikhala mpaka dokotala ayankhe," anandiuza. "Akati ndi nkhunda, ndiipha ndekha, ndipo ndikamuuza Mavis zimene akufuna."

Zotsatira zake ndi ntchito ya manja anga, ndipo sindichita manyazi kunena. Lole yanga inkafika paliponse pamene pali mgodi, doko kapena fakitale ya zitsulo, ndipo paliponse pamenepo pali kalabu ya anthu a nkhunda. Masokosi ankayenda nane kutsogolo, pampando. Ndinamugulitsa ku Barnsley, ku Wigan, ku zigwa za ku Wales kumene amayamba ayimba nyimbo asanatulutse ndalama, mpaka ku Scotland kumene anthu amati munthu satulutsa kobiri, koma anatulutsa. Mwambo unali womwewo. Kugula, kubweza, kugula, kubweza, kenako onse panja, mbalame m'mwamba. Ine ndikamafika ku Dalsby ndinkaipeza ikudya m'manja mwa Wilf.

Koma chachikulu sichinali ndalama. M'tauni iliyonse, okushoni ikatha, pankatsala munthu mmodzi kapena awiri pafupi ndi lole, kapusi ili m'manja, kudikira kuti anzawo achoke. Uyu amati ndi penti imene anapaka kuchipinda. Uyu mkazi wake amati ndi mkaka wake wa m'mawere. Wina anakhala zaka khumi osalankhulana ndi mchimwene wake chifukwa cha njinga imene mwana anagwa nayo. Aliyense anali ndi mlandu wake, ndipo aliyense ankayesa kuti ali yekha. Anthu amenewo ndiwo anakhala makomiti athu oyamba. Akazi awo anayamba kusoka ndi kuphika zogulitsa. Madalaivala anga ankanyamula makolo ulere kupita nawo kwa Dokotala Raine kukafotokoza za ana awo. Tinachita lendi kanyumba pafupi ndi chipatala kuti amayi ochokera kutali azigonamo, m'malo mogona pa benchi ya pa siteshoni. Pofika chaka chachiwiri tinakumana tonse mu holo ina ku Leeds n'kulipatsa dzina bungwelo.

Nthawi yonseyi Mavis anali kwa mayi ake. Akamuona Wilf ankawoloka msewu. Tsiku lina ndinakumana naye pakhomo la sitolo, atawonda ngati chikoti.

"Alamu, dzina la mwana wanu lafika mpaka ku Wales."

"Mwamusandutsa chionetsero, iwe ndi lole yakoyo." Anasintha dzanja lonyamulira chikwama. "Ndiye akuti chiyani adokotala akowo?"

"Akufufuzabe."

"Ine ndinayankha kale."

Anapita. Koma anali atafunsa, ndipo nditamuuza Wilf zimenezo anameta ndevu pakati pa sabata.

Uthenga woti Dokotala Raine akumufuna Wilf unafika nthawi yozizira. Ndinamuperekeza. Tinamupeza m'chipinda chatsopano, cha mazenera awiri, muli atsikana awiri oweramira pa makina oonera magazi. Makina amenewo ndinawanyamula ndekha kuchokera kudoko.

"Si nkhunda, a Tweddle," anatero tisanakhale n'komwe. "Ndacheza ndi makolo ochokera m'dziko lonse. Ana a m'nyumba zoweta nkhunda sadwala kuposa ana ena. Nkhunda zanu zilibe mlandu."

Wilf anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wotula chinthu chimene chingasweke. Ine ndinamenya tebulo mpaka atsikana aja anadzidzimuka.

"Ndinanena ine! Sindinanene ine, mayi? Ku Belgium!"

"Munanena, a Errington. Khalani pansi."

"Nanga n'chiyani?" anafunsa Wilf.

"Kwa ana ambiri sitikudziwabe. Pali chinthu chimodzi chokha chimene chikubwerabwera, ndipo anzathu ofufuza kwina akuchionanso. Makina aja ojambulira mkati mwa thupi, amene timaonera mafupa othyoka. Ana a amayi amene anajambulidwa pamimba ali oyembekezera akupezeka ndi matendawa kuposa ena. Si onse, ambiri amakula bwinobwino, ndipo sindingaloze mwana mmodzi n'kunena kuti uyu chinamupha n'chimenechi. Koma tiuza zipatala kuti zisiye." Anamuyang'ana Wilf. "Akazi anu sanabwere kudzacheza nane. Kodi anajambulidwapo?"

Wilf anayang'ana kapusi yake.

"Sindikukumbukira," anatero.

Ankakumbukira, ndipo inenso ndinkakumbukira, chifukwa ndine ndinawapititsa pa galimoto. Mavis ali ndi pakati pa Glenys mimba inakula kwambiri, ndipo kwawo kunali mapasa. Anzamba anamuuza kuti mwana ndi mmodzi, palibe chifukwa chojambulira. Mavis sanakhutire. Anaumirira, analipira yekha ndi ndalama imene ankasungira kangolo kokankhiramo mwana, ndipo anapitako kawiri chifukwa chithunzi choyamba sichinaoneke bwino. Anabwerako akusangalala, kuuza msewu wonse kuti waona msana wa mwana wake, tizidutswa ndondondo ngati mkanda.

Titakwera lole ndinayesa kuiwala zimenezo.

"Tiye kwa Hindmarsh, aise! Ndikaimika lole pakhomo penipeni, ndiimbe hutala mpaka msewu wonse utuluke. Gogo ameneyo ameze mawu ake pamaso pa anthu."

"Ndikamuuza Mavis kuti si nkhunda, afunsa chiyani?"

Anadziyankha yekha.

"Afunsa chimene ndafunsa ine. Nanga n'chiyani? Ndipo Mavis sasiyira chinthu panjira. Akwera basi, apita kwa dokotala uja, ndipo dokotala uja sanama."

"Wanena yekha kuti sangaloze mwana mmodzi."

"Kwa ine analozapo ndani? Panalibe ndi dokotala yemwe, koma taona mmene ndakhalira." Anayang'ana panja, minda ili mbuu ndi chisanu. "Ine ndakhala nacho zaka ziwiri chinthu chimenechi, Lance. Ndikuchidziwa. Koma ine ndili ndi mgodi. Chikandikwera ndimalowa pansi n'kumenya mwala mpaka manja achite dzanzi. Iye ali ndi khitchini ndi mayi ake. Sangathe mwezi."

"Ndiye uvomera mlandu umene tayendera dziko lonse kuti tiuchotse? Munthu iwe, ndatha matayala angati ine? Unati sunganame pa mwana wako!"

"Ndinatero."

"Ndiye?"

"Ima pakhola."

Ndinatukwana m'zinenero zinayi, koma ndinaima. Anatuluka m'kholamo ali ndi Masokosi m'manja, osaiika m'dengu. Anayenda wapansi mpaka kwa Hindmarsh, ine pambuyo pake ngati galu. Dzuwa linali lisanalowe, ana akusewera mumsewu, amayi ataima m'makomo. Anagogoda. Anatsegula Mayi Hindmarsh.

"Chotsa chinthu chimenecho pakhomo panga!"

"Ndikufuna mkazi wanga, amayi."

Mavis anatulukira kumbuyo kwawo, manja ali ndi ufa. Anayang'ana nkhundayo, kenako mwamuna wake.

"Ndachokera kwa dokotala," anatero Wilf, mokweza kuti a m'makomo amve. "Zinali nkhunda, Mavis. Nkhunda zanga ndizo zinamupha."

Anaisisita pamsana kamodzi. Sanaitchule dzina. Khosi potokolo. Mapiko anakupiza pang'ono m'manja mwake n'kuleka, ndipo anaiika pansi pa sitepe, miyendo yoyera ija ili m'mwamba.

"Sindinanene ine?" anatero Mayi Hindmarsh, kuuza msewu.

Mavis anapukuta manja pa epuloni, analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala chikhoti. Wilf anatsogola, iye pambuyo, mpata wa munthu mmodzi pakati pawo, mpaka anakhota pakona. Nkhundayo ndinatola ine. Ndinakaikwirira pabwalo la galaja yanga, pamene lero pali ofesi yaikulu ya kampani, ndipo palibe wantchito wanga amene amadziwa chimene amapondapo.

Bungwe silinafe ndi Masokosi. Linali litakula kale kuposa mbalame. Chaka chotsatira Mavis anatenga makiyi a kanyumba ka amayi kaja, ndipo anakayendetsa zaka makumi atatu, kuchapa, kuphika, kukhala ndi amayi amene ana awo sanatuluke m'chipatala. M'kupita kwa nthawi ana ena anayamba kutuluka amoyo, kenako ambiri, ndipo ndalama yathu inali m'kati mwa ntchito imeneyo. Wilf ankapita ku misonkhano yonse n'kukhala kumbuyo. Mu Dalsby anakhalabe munthu amene nkhunda zake zinapha mwana wake. Khola lake linagwa lokha. Loweruka, nkhunda za anzake zikamabwera kuchokera ku mpikisano, iye ankalowa m'nyumba.

Wilf anamwalira ndi chifuwa cha mumgodi. Kwathu munthu wa nkhunda akafa, anzake amabwera ndi dengu kumanda n'kuulutsa mbalame bokosi likamatsika. Pa maliro a Wilf palibe analimba mtima kutchula zimenezo. Koma kutatsala tsiku limodzi Mavis anandiimbira foni.

"Lance, mawa ubwere ndi dengu."

"Dengu la chiyani, alamu?"

"Usandiyese mwana."

Ndinabwereka nkhunda zabwino kwambiri m'chigawo chonse, chifukwa ine sindibwera ndi zinthu zachabechabe. Kumanda ndinaika dengulo pafupi ndi iye. Abusa akuwerenga, Mavis analankhula osandiyang'ana.

"Ndinamva pawailesi chaka chomwecho chimene anapha Masokosi, ndikutsuka mbale. Dokotala wanu uja ankafotokoza za makina ojambulira aja. Wilf anadumpha pampando kukatseka, koma mawu anali atatuluka kale. Anati wailesi ikusokosa. Ine ndinati inde, ikusokosa. Ndinapitiriza kutsuka."

"Zaka zonsezi osanena?"

"Ndikananena, ndiye kuti mbalame ya Glenys anaiphera chiyani?" Anakoka magolovesi ake. "Anandipatsa bodza lija, ndinalandira. Mphamvu yokana ndinalibe. Ndinkati ndidzamuuza ndikadzalimba. Loweruka lililonse ndinkamuona akulowa m'nyumba, ndipo ndinkamuikira ketulo pamoto."

Zingwe zinayamba kutsitsa bokosi.

"Tsegula," anatero.

Ndinatsegula. Nkhunda zinatuluka zonse pamodzi, phuphuphu, anthu n'kudzidzimuka. Zinazungulira manda kawiri n'kulunjika kuseri kwa njanji. Amuna onse anavula makapusi, maso kumwamba, mpaka zinazimiririka. Mavis yekha sanadzutse mutu. Ankayang'ana m'dzenje.